Musamaloweze maphunziro azachipatala padera-padera

Anzanga amene mwangoyamba kumene maphunziro azachipatala ku Malamulo ku Makwasa kapena ku Mulanje Mission, ine chaka choyamba ndinavutika chifukwa ndinkawerenga physiology (za mmene thupi limagwirira ntchito) Lolemba, microbiology (za tizilombo toyambitsa matenda) Lachiwiri, pharmacology (za mankhwala) usiku, ngati sizigwirizana. Pofika mayeso mutu unali phala.

Chomwe chinandithandiza n'kutenga nthenda imodzi, pepala limodzi. Yambani ndi malungo, poti kuno odwala ake sasowa, makamaka nyengo ya mvula. Lembani kachilombo kake, Plasmodium falciparum, kofalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa Anopheles. Kakalowa m'thupi kamayamba kuchiwindi, kenaka n'kulowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaphwanya. Apa mwamvetsa kale chifukwa chake mwana amayera m'zikhatho ndiponso amapuma mofulumira: magazi onyamula mpweya achepa. Shuga nayenso amatha kutsika, ndiye mwana wokomoka mumuyeze shuga msanga.

Kenaka mankhwala. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi munthu akadya chakudya chamafuta pang'ono, ngakhale phala lotendera. Mankhwala a malungo aakulu ndi artesunate wobaya, 2.4 mg pa kilogalamu, koma 3 mg pa kilogalamu kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, pa ola 0 (kubaya koyamba), 12 ndi 24. Manambala awa okha ndi amene ndimati lowezani ndithu.

Mukamaliza, mufotokozereni mnzanu m'Chichewa osayang'ana pepala. Pamene mwakakamira, mpamene simunamvetse. Sabata yotsatira tengani kolera.