Kuphunzira m'chigwa cha Shire osagwa ndi matenda

Ine Fomu 4 ndinaphunzira ku Nchalo, ndipo chimene chinkandisautsa kwambiri si masamu ayi, koma dzuwa. Mu Okutobala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye kuwerenga masana n'kungodzivutitsa. Dzukani 4 koloko mbandakucha kukadali kozizira, muwerenge mpaka kuyere. Mukaweruka, gonani pang'ono pamthunzi.

Musadikire ludzu. Tengani botolo la madzi m'kalasi, ndipo ngati ndi a pachitsime, awiritseni kapena thiranimo WaterGuard. Mkodzo ukafiira kwambiri, dziwani kuti thupi lauma. Ine ndinkasungunulira malambe m'madzi akumwawo.

Muzigona m'neti ngakhale kutenthe bwanji. Thupi likatentha, mutu n'kumawawa, pitani kuchipatala akakuyezeni malungo, osangomwa panado. M'madambo musamasambemo, muli likodzo.

Koma za mumtima ndiye timazibisa. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yathu mu 2023, mvula ikangoyamba usiku tulo tinkandithawa, m'kalasi osamva kanthu. Ndinakhala chete miyezi iwiri. Ndinayamba kupepukidwa nditawauza aphunzitsi athu ena, ndiponso nditabwerera kumpira madzulo. Mnzanu akasiya kudya ndi kucheza, musamuseke. Khalani naye pansi, mumufunse.