Mwana wanu wamkulu akamadwala khunyu

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kuno ku Mzuzu, chochenjera nacho ndi mbaula. Aziotha chapatali, ndipo asamaphike kapena kutunga madzi pachitsime ali yekha.

Akagwa, musamulowetse supuni mkamwa. Lilime sangameze, mungomuthyola mano. Pindani chitenje mumuikire kumutu, akasiya kuphupha mumugoneke chammbali kuti malovu atuluke. Zikapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala, kaya ku Mzuzu Central kapena chomwe chili pafupi.

Mankhwala asasiye yekha ngakhale papite miyezi osagwa, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa. Mowa ndi kuchezera usiku zimaputanso matendawa. Alamu ya pafoni izimukumbutsa kumwa mankhwala. Ndi wamkulu, musamamulondelonde. Ngati ndi mtsikana womwa mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate, akaonane ndi adokotala asanatenge pathupi.