Makalata a agogo akunkhondo musawasunge mu jumbo

Amene muli ndi katundu wa agogo omwe anapita kunkhondo ku Burma ndi gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles) cha mu 1944, makalata omwe ankalembera kumudzi, zithunzi, mamendulo, chonde zichotseni mu jumbo. Pulasitiki imasunga chinyezi ndiye dzinja likafika pepala limachita nkhungu inki nkufufutika, ife makalata awiri anapita choncho.

Kalata iliyonse muiike mu envelopu yakeyake, kenako m'chitini chotseka bwino, pamwamba osati pansi pa bedi pofika chiswe. Laminate (kumata pepala mu pulasitiki ndi makina otentha) ayi, kutentha kuja kumaononga ndipo simungamatulenso. Mendulo osakwecha ndi mchenga ngati poto, kansalu kouma basi.

Koma muyambe mwajambula zonse pa foni nkutumizira abale pa WhatsApp. Agogo aakazi akadalipo afunseni mayina a anthu ali pazithunzipo, mulembe kumbuyo ndi pensulo, bolopeni imadinda mpaka kutsogolo.