Lezala likamanjenjemera pa ndevu: kodi vuto ndi kupyapyala kwake?

Anthu ometa ndevu ndi lezala lakuthwa mbali ziwiri amakonda kudandaula kuti mtundu wakutiwakuti ngwopyapyala, umanjenjemera ndipo umakala khungu. Dandauloli silabodza kwenikweni, koma kawirikawiri lezala limangosenzetsedwa mlandu wa chometera chimene chaligwira. Musanataye paketi yonse, ndi bwino kudziwa kaye kuti kuchindikala kwa chitsulo kumachita gawo lalikulu bwanji, ndipo kagwiridwe kake kumachita gawo lalikulu bwanji.

Malezala a masiku ano pafupifupi onse, kaya ndi Nacet, Minora, Super-Max, Dorco, Astra kapena Feather, amachindikala mamilimita pafupifupi 0.10. Kumeneku ndi kuchindikala kwa pepala limodzi la A4 la magalamu 80 limene timasindikizira makalata mu ofesi. Mulitali mwa lezala ndi mamilimita pafupifupi 43, mulifupi 22. Pamene mitundu yasiyana, imasiyana ndi kachigawo kochepa kwambiri, monga mamilimita 0.01, moti chala sichingakamve. Zopaka zimene amazilemba pa paketi, monga platinamu, kromiyamu kapena PTFE (mtundu wa pulasitiki yoterera), zimangokutira pothwa penipenipo ndipo n'zopyapyala kwambiri moti siziwonjezera kanthu pa kuuma kwa lezala, kutanthauza kukana kwake kupindika.

Kachigawo kochepako si kopanda ntchito ayi. Chitsulo chafulati chikachindikala kawiri sichiuma kawiri, chimauma ka 8, chifukwa muyesowo umachulukitsidwa katatu: 2 × 2 × 2. Tengani lezala la 0.09 ndi la 0.10. Kusiyana kwa kuchindikala ndi 10 peresenti chabe, koma 0.9 × 0.9 × 0.9 ndi 0.73, kutanthauza kuti lopyapyalalo lataya 27 peresenti ya kuuma kwake. Malezala akale a mabowo atatu, amene kampani ya King C. Gillette inayamba kugulitsa mu 1903, anali ochindikala mamilimita pafupifupi 0.15, choncho ankauma kuposa katatu poyerekeza ndi a lero. Lezala la GEM lakuthwa mbali imodzi ndi la 0.23, ndipo limauma ka 12.

Tsono lamulo lomwelo lochulukitsa katatu limagwiranso ntchito pa utali wa gawo la lezala limene lalendewera popanda choligwira, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kumbukirani masewera a rula ya kusukulu pamphepete mwa desiki: mukaitulutsa pang'ono n'kuigwedeza imangoti gwa, mukaitulutsa kwambiri imanjenjemera mpaka kulira. Tiyerekeze kuti chometera china chimapana lezala n'kusiya mamilimita 1.5 okha kufika pothwa, pamene china chimasiya mamilimita 3. Lezala lomwelo, la m'paketi yomweyo, lidzapindika ka 8 m'chometera chachiwiricho. Yerekezani zimenezi ndi 27 peresenti ija, muona nokha kumene kuli mphamvu. Okhoma malata amazidziwa bwino: lata la geji 32 lokhomedwa pa matabwa oyandikana limapirira, pamene la geji 28, ngakhale lili lochindikala, limabonya pansi pa phazi ngati matabwa atalikirana kwambiri.

Chinanso, mutu wa chometera sugwira lezala lili lathyathyathya. Chivundikiro chapamwamba chimalikhotetsa, ndipo chitsulo chokhota chimauma kuposa chafulati. Tepi yachitsulo ya akalipentala a ku Mchesi imatha kuima yokha mita yathunthu m'malere chifukwa cha kukhota kwake kuja. Ikanakhala yafulati bwenzi ikugwa ngati chingwe. Zometera za mutu wopendama, monga Merkur 37C, zimafika popotokola lezala, ndipo zimenezi zimaliumitsa koposa. N'chifukwa chake anthu a ndevu zolimba ngati waya amazikonda.

Kulimba kwa chitsulo si kuuma kwake

Pali chikhulupiriro chakuti lezala la chitsulo cholimba kwambiri silipindika. Zinthu ziwirizi n'zosiyana. Zitsulo zonse zopangira malezala, zochita dzimbiri ndi zosachita dzimbiri zomwe, zimakana kupindika mofanana ndithu ngati kuchindikala kwake kuli kumodzi. Kuotcha ndi kuziziritsa chitsulo ku fakitale kumasintha zina: kutalika kwa nthawi imene lezala likhale lakuthwa, komanso chimene limachita mukalipinda mopitirira, kaya kubwerera mwakale, kuthyoka kuti phwa, kapena kutsala lokhota. Choncho malezala akuda a Treet ochokera ku Pakistan, amene ndi a chitsulo chochita dzimbiri, sauma kuposa osachita dzimbiri amene Wilkinson Sword anawatchukitsa kuyambira 1962. Kusiyana kwake mukuona nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi: lakudalo mukalisiya lonyowa m'bafa, pofika mawa lachita kale madontho a dzimbiri pothwa. Lipukuteni mosamala kuchoka pakati kupita kunja, kapena litulutseni m'chometera liume.

Kuthwa nakonso sikuchokera pa kupyapyala kwa thupi la lezala. Feather wa ku Japan amadziwika kuti ngwakuthwa koopsa, komabe kuchindikala kwake n'chimodzimodzi ndi anzake. Kuthwa kumachokera pa kanoledwe ka kamzere kakang'ono ka m'mphepete kaja.

Kuyeza nokha

Chida choyenera ndi maikulomita, choyezera kuchindikala kwa zinthu zopyapyala kwambiri. Amakanika okonza mainjini ku Biwi ndi ogwira ntchito m'mashopu osula zitsulo ku Kanengo amakhala nayo. Veniya wamba, choyezera china chopana ndi zibwano ziwiri, amene amawerenga mamilimita 0.02 kapena 0.05, sangakuuzeni zoona pa lezala limodzi, chifukwa kusiyana kumene mukufunafunako n'kochepa kuposa mizere yake. Njira yake ndi kusanjikiza malezala khumi a mtundu umodzi n'kuyeza mulu wonse. Akakhala a 0.10 mupeza milimita 1.0, akakhala a 0.09 mupeza 0.9, ndipo kusiyana kumeneko veniya aliyense amakuona.

Musanayeze, chotsani timadontho ta phula timene timamatira lezala ku pepala lake. Madzi otentha kapena spiriti zimachotsa. Mukatisiya, phula la malezala khumi likuwonjezerani muyeso ndipo mudzaganiza kuti mwapeza mtundu wochindikala. Yezani pathupi la lezala, pakati pa mng'alu wapakati ndi pothwa, osati pamzere wonoledwa. Malezala amene mwawasanjikizawo akhudzana pothwa, ndiye ngati muli nawo akale otsukidwa bwino, yezani amenewo.

Kupeza chimene chikunjenjemeretsa lezala

Lezala losagwiridwa bwino limadziulula ndi phokoso lokhala ngati likukwekweta pa khungu, limadumphadumpha pachibwano pamene ndevu zathithikana, ndipo limasiya timadontho ta magazi ngakhale lili latsopano. Lezala lobuntha limachita zosiyana: limakoka ndevu mwakachetechete.

Yambani ndi ukhondo wa mutu wa chometera. Sopo wouma ndi tizidutswa ta ndevu zimaunjikana mkati mwa chivundikiro, ndipo kaunjika kochepa ngati pepala n'kokwanira kulepheretsa lezala kugona bwino. Masulani zonse, muviike m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale kwa mphindi khumi, mukweche ndi mswachi wakale. Onaninso ngati simunaike malezala awiri omatirana ndi phula, zimachitika ndithu.

Pa chometera cha zigawo zitatu, monga Edwin Jagger DE89 kapena Gillette Tech, ikani chivundikiro chagada pa thaulo, mugoneke lezala pa timisomali take mutaligwira m'mbali zifupizifupi zosathwa, kenako kachitsulo kapansi, pomaliza chigwiriro. Kachitsulo kapansi kamalowa ngakhale mutakatembenuza, ndipo ambiri oyamba kumene amalakwitsa pamenepa. Kakatembenuzika, lezala limabisika n'kukana kumeta kapena limalendewera popanda chochirikiza. Mbali yotukuka iyang'ane ku lezala. Mangani mpaka chigwiriro chitakana chokha ndi zala ziwiri basi. Mitu yambiri yotsika mtengo ndi ya zinki wosakaniza wokutidwa ndi kromiyamu, ndipo kukakamiza kumadya mazinga kapena kuthyola kabawuti. Pa chometera chotseguka ngati mapiko a gulugufe, zitseko zikatsekeka pamatsala kagawo kakang'ono kopotokola, pafupifupi kota ya kuzungulira kumodzi. Kagawo kameneko ndi kamene kamakhotetsa lezala. Wosiyira panjira amameta ndi lezala lomasuka.

Mukamanga, yang'anani mutuwo molunjika kuwala. Lezala lituluke mofanana mbali zonse ziwiri ndipo liyende limodzi ndi kachitsulo kotchinga khungu kuyambira ngodya ino mpaka inayo. Likatuluka kwambiri mbali imodzi, masulani pang'ono, mulisunthe pogwira m'mbali zosathwa, mumangenso. Kenako tengani kamtengo ka machesi mudinikize mopepuka pamwamba pa lezala, kumbuyo pang'ono kwa mzere wonoledwa, pakati ndi m'ngodya zonse. Logwiridwa bwino siligwedezeka. Likamatsika n'kubwerera ngati sipuling'i pa ngodya imodzi yokha, ndiye kuti chometeracho chinagwapo pansi n'kupindika, ndipo palibe mtundu wa lezala umene ungachikonze. Likamatsika paliponse mofanana, ndi mapangidwe a mutuwo.

Pa vuto lomalizali pali kanjira kotchipa. Tengani lezala lakale lanu lomwe, mulitsuke, mudule mbali zonse zakuthwa ndi sizasi yolimba, pafupifupi mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, kuti patsale thupi lokha. Dulani mutatalikitsa nkhope, tizidutswa timathamanga. Ikani thupilo pansi pa lezala latsopano, pakati pa lezalalo ndi kachitsulo kapansi. Limathina malo omasuka n'kuchirikiza lezala. Njirayi imathandiza makamaka pa zometera zakalekale za Gillette zopangidwa chisanafike chaka cha 1930, zimene anazipangira malezala a 0.15 aja. Mukapeza chosiyidwa ndi agogo, musadabwe kuti lezala la lero likuoneka lofooka mmenemo. Koma dziwani kuti mwakulitsa mpata wa pakati pa lezala ndi chotchinga khungu ndi mamilimita 0.10, ndiye chometeracho chikhala chaukali kuposa kale. Yambani ndi thupi limodzi la lezala lakale. Kupitirira awiri n'kufuna kudzicheka.

Theka la lezala m'malo ometera

Ometa anthu ku Kawale, Area 25 ndi Chinsapo amagwiritsa ntchito theka la lezala podula mizere ya m'mphepete mwa tsitsi ndi ndevu. Apa kupyapyala kumamveka kwambiri, chifukwa thekalo silikhotetsedwa ndi chilichonse. Kuligwira ndi zala zokha n'kumene kumalipatsa mpata waukulu wopindika. Kachogwirira kopinda ngati mpeni kamalipana kufupi ndi pothwa ndipo mzere umatuluka woongoka.

Thyolani lezala lidakali m'pepala lake, polipinda motsatira mng'alu wapakati mpaka litalira. Chitsulo chabwino chimathyoka mwaukhondo. Nthawi zina timakona ta pothyokapo timatsala titapindikira m'mwamba, ndipo timeneti timalepheretsa thekalo kugona bwino m'chogwirira. Tiphwatalitseni ndi pulayala, kapena dulani ndi sizasi m'malo mothyola. Lezala limene likungokhota osathyoka, n'kutsala lokhota, silinaotchedwe bwino ku fakitale. Malezala achinyengo amakonda kuchita zimenezi, ndipo zilembo zake zimakhala zofufutika. Kasitomala aliyense alandire theka latsopano lotsegulidwa iye akuona, chifukwa matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi HIV amatha kudutsira m'magazi otsalira pa lezala.

Dzanja ndi ndevu zomwe

Lezala limapindika molingana ndi mphamvu imene lakumana nayo, ndiye kuchepetsa mphamvuyo n'chimodzimodzi ndi kuliumitsa. Ndevu zouma n'zolimba kwambiri kuposa zonyowa. Zinyowetseni ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanapake thovu, makamaka m'mamawa wa Juni ndi Julayi pamene madzi a pampopi mu Lilongwe amakhala ozizira. Ndevu za masiku opitirira anayi ziduleni kaye ndi mashini. Gwirani chometera kuti lezala lipendame madigiri pafupifupi 30 pa khungu: gonekani chivundikiro pa tsaya, mutsitse chigwiriro pang'onopang'ono mpaka mutamva ndevu zikuyamba kudulika, muime pomwepo. Kokani mofupikitsa, masentimita awiri kapena atatu, ndipo musadinikize. Akatswiri a ku MIT, sukulu yaukachenjede ya ku America, Gianluca Roscioli ndi Cem Tasan, anaonetsa mu 2020 kuti tsitsi, ngakhale n'lofewa ka 50 kuposa chitsulo, limabenthula tizidutswa pothwa pa lezala makamaka likapindika n'kukankha chitsulocho cham'mbali.

Kwa ife a tsitsi lopotana pali ngozi ina. Ndevu yodulidwa mwakuya kwambiri imakula mokhota n'kubayanso khungu, n'kutulutsa tiziphuphu towawa ta m'khosi tija. Lezala lonjenjemera limasiya ndevu zina, munthu n'kumabwereza pamalo amodzi kanayi kapena kasanu, ndipo pamenepo ndi pamene tiziphuphu timayambira. Metani motsatira kumene ndevu zagonera, kamodzi, mukafuna kawiri mutapakanso thovu.

Mukakonza zonsezi m'pamene kuyerekeza mitundu kumakhala ndi tanthauzo. Gwiritsani ntchito chometera chimodzi, sopo mmodzi, ndi ndevu za masiku ofanana, monga awiri. Metani tsaya lamanja ndi mtundu wina, musinthe lezala, mumete lamanzere ndi mtundu winawo, ndipo ulendo wotsatira musinthanitse masaya popeza ndevu sizimera mofanana mbali zonse. Chitani zimenezi maulendo atatu, chifukwa malezala ena amayamba mwaukali pa kumeta koyamba n'kufatsa pa kwachiwiri. Lezala lililonse lisapitirire maulendo atatu mpaka asanu. Ngati mitundu yonse ikunjenjemerabe pa ndevu zanu, sinthani chometera mupeze chopana kufupi ndi pothwa, kapena musamukire ku malezala ochindikala a mbali imodzi monga GEM, podziwa kuti amenewo ali ndi zometera zawozawo ndipo salowa m'chometera cha mbali ziwiri.