Musanasaine za internship kunja, funsani izi kaye

Abale anga a kuno ku Kasungu, makamaka inu amene mwamaliza za ulimi ndipo mukufuna kupita kunja pa internship (kukaphunzira ntchito uku mukugwira), ndimvetseniko pang'ono. Chiyambireni pomwe achinyamata anayamba kupita mwaunyinji ku mafamu a ku Israel mu 2023 aliyense akungokamba za malipiro, koma ndalama imene agent (wokupezerani ntchitoyo) amatchula ija nthawi zambiri ndi ya asanadule kanthu. Funsani kuti yotsala m'manja ndi zingati akachotsa msonkho, lendi, magetsi, inshulansi ya chipatala ndi tiketi ya ndege, chifukwa pena amakulipirirani tiketiyo kenako nkumadula pang'onopang'ono miyezi yambiri, iwe nkumangodabwa kuti bwanji payslip yaonda chonchi.

Maola akhale olembedwa mu kontrakiti. Tsiku limodzi maola angati, ovataimu amalipira bwanji, tsiku lopuma ndi liti. Mu greenhouse (nyumba zolimamo mbewu zija) mumatentha zoopsa, kuthyola tomato kapena tsabola wowerama kuyambira mbandakucha si masewera ayi, ndiye muzilemba nokha maola anu mu kabuku tsiku ndi tsiku, deti ndi nthawi yoweruka.

Pasipoti ndi yanu, bwana asakusungireni. Ijambuleni pamodzi ndi kontrakitiyo mutumize kwa achimwene kapena achemwali pa WhatsApp.

Ndipo chonde makolo, musagulitse ng'ombe kapena kuthira ndalama zonse za fodya kwa munthu ongolankhula pafoni opanda ofesi, opanda risiti. Kafunseni kaye ku ofesi ya Labour pa boma ngati agent ameneyo akudziwika.