Foni ikati malo atha, musathamangire kukagula mamega

Foni ikalemba kuti armazenamento cheio kapena espaço insuficiente, anthu ambiri kuno kwathu kaya ndi ku Ulónguè kaya ku Moatize amathamangira kwa anyamata ogulitsa kirediti kukagula mamega, kenako nkumadabwa kuti uthenga uja sukuchoka. Sungachoke abale, izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, zimangosokoneza chifukwa zonse amaziyeza ndi MB ndi GB, ndipo GB imodzi ndi ma MB 1024.

Mamega ndi aja mumagula ku Vodacom, Movitel kapena Tmcel kuti mulowe pa intaneti, ali ngati ndalama yolipira ngolo yotuta chimanga kumunda, pomwe memori ndiye nkhokwe yomwe chimangacho chikukathiridwa. Nkhokwe ikadzadza ndiye inu mukalipirenso ngolo ina, chimangacho mukachithira pati? Palinso chachitatu, RAM. Pa katoni ya Tecno kapena itel mukaona palembedwa 2GB+32GB, nambala yaing'onoyo ndiye RAM, ndi imene imathandiza foni kuyendetsa zinthu zomwe mwatsegula nthawi yomweyo, ikachepa foni imachedwa ndi kumangoima. Yaikuluyo ndiye malo osungira, komanso musayembekeze kuti 32 yonseyo ndi yanu ayi, Android ndi ma app obwera kale ndi foni amakhala atadyako gawo lalikulu ndithu.

Ndiye tiyambe ndi amene amadzadzitsa foni, nthawi zambiri ndi WhatsApp basi. Gulu la kutchalitchi, la akubanja, la mpira, la amene munaphunzira nawo limodzi, aliyense akuponya vidiyo yomweyomweyo ndipo foni ikungolandira osakufunsani. Tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu tapamwamba paja, lowani pa Definições (mafoni ena amalemba Configurações), kenako Armazenamento e dados, ndiye Gerir armazenamento. Ngati foni yanu munaigula ku Dedza kapena ku Lilongwe ndipo ili m'Chingelezi mupeza Settings, Storage and data, Manage storage, ndi malo omwewo. Mmenemo WhatsApp imakusanjirani yokha zinthu zopitirira 5 MB ndi zija zatumizidwa kambirimbiri, komanso pansi pake imaonetsa gulu lililonse ndi malo omwe ladya. Yambani ndi gulu lomwe lili pamwamba. Koma musangodina kusankha zonse nkufufuta, yang'anani kaye, mwina mkati momwemo muli chithunzi cha chitupa chanu cha BI kapena cha ukwati wa achemwali chomwe simudzachipezanso.

Mukamaliza musatuluke, pa tsamba lomwelo la Armazenamento e dados pali gawo la download automático, ena amalemba transferência automática. Pomwe akunena za dados móveis, omwe ndi mamega aja, chotsani tizizindikiro tonse, makamaka pa mavidiyo. Kuyambira pamenepo mukakhala pa mamega vidiyo izidikira kuti inu muidine ndipo ngati simukuifuna izingokhala choncho osalowa. Kwa ine apa ndiye pofunika kuposa zonse chifukwa mwapulumutsa malo ndi mamega nthawi imodzi.

China ndi kashe, tizinthu tomwe ma app ngati Facebook, TikTok ndi Chrome amasunga kuti mukadzatsegulanso zisachedwe. Timachulukana mwakachetechete. Lowani mu Definições ya foni yeniyeniyo, pitani pa Aplicações, sankhani app, dinani Armazenamento, mupeza mabatani awiri oyandikana ndipo apa tsegulani maso. Limpar cache ndi labwino, palibe chanu chomwe chitayike. Limpar dados limabweza app ngati yangoikidwa kumene, likutulutsani mu akaunti, ndiye ngati pasiwedi ya Facebook munaiwala kalekale kapena nambala yomwe munatsegulira WhatsApp simuigwiritsanso ntchito, mulira ndithu. Pa WhatsApp batani limenelo musaliyandikire nkomwe.

Tima app tija timalonjeza kuti tiyeretsa foni ndi kuithamangitsa, ine sindimatikhulupirira, tambiri timangodzadza zotsatsa malonda nkumadya mamega omwewo. Files ya Google imakwanira, imakuonetsani zithunzi zobwerezabwereza ndi mafayilo akuluakulu inu nkusankha nokha.

Memori khadi imathandiza koma samalani ndi zotchipa kwambiri za pamsika, pamwamba alemba 64GB ndipo foni nayo ionetsa 64GB koma mkati mwake malo enieni ndi ochepa, ndiye mukadutsa malirewo zithunzi zimayamba kukana kutseguka. Mukagula, tsiku lomwelo kopelanimo mavidiyo ambiri mpaka idzadze kenako tsegulani oyamba, apakati ndi omaliza muone ngati onse akusewera, ndipo musafufute za mufoni musanatsimikize zimenezi.

Ndisanaiwale, manambala a anthu muzisunga ku akaunti ya Google osati mufoni, kuti foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi mudzawapeze mu ina. Ndipo akauntiyo ikhale yanu, osati imelo ya mnyamata amene anakukonzerani foni pogula. Pasiwedi yake lembani mukope nkusunga kunyumba. PIN ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh yokha ndiye musaisunge mufoni ngati meseji, komanso musauze munthu aliyense woimba foni ngakhale anene kuti ndi wa kukampani.

Tsopano ngati vuto lanu ndi mamega kutha msanga, lowani mu Play Store, mu Definições zake, muike kuti ma app azisinthidwa pa Wi-Fi pokha, apo ayi foni izikoka zatsopano mwaokha inu muli kumunda. Mu Definições ya foni yatsani Poupança de dados yopulumutsa mamega, ikani Facebook Lite m'malo mwa yaikulu ija, ndipo pa YouTube tsitsani vidiyo ifike pa 360p kapena 240p, pa kasikirini ka foni nkhope zimaonekabe. Hotspot yogawira intaneti ku foni ina mukabwereketsa mwana kapena mnansi muzikumbukira kuzimitsa ndi kusintha pasiwedi.

Inu a m'malire, ku Zóbuè, ku Calómuè, ku Tsangano, muli ndi nkhani yanuyanu. Foni ikaona kuti netiweki ya kuno yafooka imatha kulumphira pa Airtel kapena TNM ya ku Malawi inu muli pakhonde panu, ndiye kirediti imayamba kudyedwa pa mtengo wa roaming. Muziyang'ana dzina la netiweki pamwamba pa sikirini kapena chilembo cha R pafupi ndi timizere tija. Kuti zisamachitike lowani mu Definições, Rede móvel, zimitsani Roaming de dados, kenako pa Operadores de rede chotsani zoti izisankha yokha, dikirani isake, musankhe ndi dzanja netiweki ya SIM yanu. Ngati foni ili ndi ma SIM awiri chitani zimenezi pa iliyonse payokha, ndipo tsiku lomwe mwaoloka kupita ku Malawi mukufuna kuti SIM ya kuno izilandira mafoni, mubwezerenso pa automático.