Momwe mungakonzere kuti oonera azilowerera pa sewero la VR ndi mafoni awo

Pa sewero la VR (virtual reality, dziko lopangidwa ndi kompyuta lomwe munthu amaliona ngati ali momwemo), wosewera amavala headset, chipangizo chotchinga maso chokhala ndi sikirini mkati, ngati Meta Quest, ndipo zomwe akuona zimaonetsedwa pa sikirini yaikulu. Oonera amasintha zochitikazo pokhudza mafoni awo.

Choyamba sankhani ntchito imodzi ya chala: kudina kuti kugwe kadontho ka kuwala, kapena kukoka kuti mphepo itembenuke. Imodzi basi. Mabatani akachuluka, anthu amangozyolika pa foni, sewero n'kuwapitirira.

Musalole ngakhale pang'ono kuti oonera aziyendetsa kamera ya mkati mwa VR, yomwe ndi maso a wosewera, kapena kupendeketsa pomwe wosewera waima. Maso akamaona kuyenda thupi lili chiimire, munthu amachita chizungulire ndi nseru, mwina kugwa kumene. Oonera asinthe mitundu, phokoso ndi zinthu zozungulira wosewerayo, koma maso akhale ake.

Kenako konzani tsamba la pa intaneti lotsegula ndi QR code pakhomo, popeza ambiri safuna kutsitsa app. Tsambalo likhale lakuda kuti lisawalitse holo. Batani lisachepere mamilimita 9, omwe ndi pafupifupi 48 dp (muyezo wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya foni) imene Google imalangiza, ndipo kukulirapo n'kwabwino chifukwa munthu adzadina maso ali kutsogolo.

Mafoni atumize mauthenga kudzera pa WebSocket (njira yolumikizana yomwe imakhala chitsegukire) ku seva, kompyuta yolandira mauthenga onse, sevayo ipereke ku Unity kapena Unreal, mapulogalamu oyendetsa VR, kudzera pa OSC (njira yotumizirana mauthenga pakati pa mapulogalamu). Apa ndi pomwe zambiri zimasokonekera. Chala chokoka chimatulutsa mauthenga pafupifupi 60 pa sekondi, ndiye anthu 100 ndi mauthenga 6,000. Achepetseni afike 10 pa sekondi pa foni iliyonse, seva iwaphatikize isanatumize. Headset ikhale ndi rauta yakeyake ya 5 GHz, seva ilumikizidwe ndi waya wa Ethernet. Wi-Fi ya oonera ikhale ndi intaneti ndithu, apo ayi mafoni ena amaithawa n'kubwerera ku data.

Munthu akadina, foni iyankhe pompo, pasanathe mamilisekondi 100, osadikira seva. Mupatseninso mtundu wake kuti azizindikira kadontho kake pa sikirini yaikulu, chifukwa wosaona chotsatira amasiya kudina. Anthu akachuluka, agaweni m'magulu malinga ndi mizere ya mipando.

Poyeserera, lembani pulogalamu yonamizira mafoni ochuluka kawiri kuposa omwe mukuyembekezera. Woyendetsa makina akhale ndi batani lozimitsira zonse za oonera nthawi imodzi, ndipo munthu wina aime pafupi ndi wosewera kuti asawombe khoma.